Zomwe tidamanga pamchenga, mvula n'kufufuta

Ahedi adandiitanitsa kuofesi Lolemba m'mawa, ana asanalowe n'komwe m'kalasi. Nditalowa ndidapeza bambo wina wa m'komiti ya makolo atakhala pampando wa alendo, chipewa chili pabondo. Titapatsana moni sadazungulire. Adati: "Aphunzitsi, ife tikugulitsa nandolo kuti tipeze fizi, inu mukutengera ana kumtsinje kukaseweretsa mchenga. Kodi mchengawo udzabwera pamayeso?"

Funsoli silidali lachipongwe ayi. Bamboyo ali ndi mwana mu Fomu 2, ndipo ndalama yomwe amalipira amaitulutsira thukuta. Tsikulo ndidayankha mojejema, ndiye lero ndafuna ndiyankhe bwinobwino pano, chifukwa ndikudziwa kuti pakati pa inu owerenga alipo ambiri omwe akadafunsa chimodzimodzi.

Nkhani yake idayamba ndi kanema yemwe mnzanga wina adandiikira mufoni. Kanemayo ndi wa mchaka cha 2001, dzina lake Rivers and Tides, ndipo amaonetsa ntchito za Andy Goldsworthy. Mkuluyu adabadwa mu 1956 ku England, ali mnyamata ankagwira ganyu m'mafamu, ndipo pano amakhala m'mudzi wa Penpont ku Scotland. Luso lake n'lachilendo. Amapita kuthengo kapena kumtsinje chimanjamanja, n'kuyamba kusanja zomwe wapeza pomwepo: masamba, miyala, timitengo, madzi oundana. Masamba amawalumikiza ndi minga. Akamaliza amajambula chithunzi n'kuchokapo, zinazo n'kuzisiyira mphepo, dzuwa ndi madzi. Nthawi zina mvula ikamayamba amagona chagada pansi, ndiye akadzuka pamatsala chithunzi cha munthu pomwe sipadanyowe, chomwe chimatha m'mphindi zochepa. Mu Juni 2000 adaika mipira 13 ikuluikulu ya chipale chofewa m'misewu ya London nyengo yotentha ili pakati, kuti anthu azidutsa akuiona ikusungunuka.

Chomwe chidandigwira mtima m'kanemamo ndi pomwe ali m'mbali mwa nyanja yamchere ku Nova Scotia, m'dziko la Canada. Akusanja miyala yafulati kuti ipange chinthu chooneka ngati dzira lalikulu, uku madzi a m'nyanja akukwera kubwera komwe iye ali. Miyala ija idagumuka kangapo, iye n'kumayambiranso. Atamaliza, madzi adafika n'kumiza zonse.

Ndidauonera kawiri ndili pakhonde, kenako ndidakumbukira kuti sabata imeneyo ndidali nditaphunzitsa za ntchito ya mitsinje, momwe imakokololera nthaka, momwe imanyamulira katundu ndi momwe imamutulira. Ndidajambula pabolodi, ana adakopera, koma nditawafunsa mawa lake adangondiyang'ana ngati ndikuyankhula Chifalansa. Chonsecho mtsinje uli kuseri kwa sukulu, ndipo theka la anawo amauwoloka tsiku lililonse.

Ndiye Lachisanu lina mu Novembala, mvula isanakhazikike, ndidapempha chilolezo kwa ahedi n'kutsika nawo kumtsinje. Nyengo imeneyo madzi amangotsala kamzere kakang'ono pakati, kwinako n'kukhala mchenga ndi miyala. Ndidawagawa m'magulu anayi n'kuwapatsa malamulo atatu. Osabweretsa kanthu kuchokera kusukulu, kaya chingwe kaya mpeni. Osathyola mtengo wamoyo. Chomwe mupange chikhale choti munthu wodutsa aime n'kudziwa kuti pano padutsa manja a munthu. Nthawi ndidawapatsa ola limodzi.

Poyamba chidali chiphokoso chokhachokha. Anyamata ankagenda miyala m'madzi, ena ankafunsa ngati ndipereke malikisi. Koma patatha mphindi khumi phokoso lidayamba kutsika. Gulu loyamba lidatola nsangalabwi n'kuyamba kuzisanja mozungulira ngati chigoba cha nkhono, zoyera pakati, zotuwa kenako, zakuda kunja. Apa mkangano udabuka, chifukwa adapeza kuti miyala yomwe ankaiyesa yotuwa yonse idali yamitundu isanu kapena isanu ndi umodzi. Gulu lachiwiri, la anyamata okhaokha, lidafuna kumanga nsanja yaitali kuposa ine. Idagwa katatu. Kachinayi mmodzi adazindikira kuti mwala uliwonse uli ndi mbali yomwe umakhazikikira, ndipo adayamba kuutembenuza m'manja kaye asanauike. Gulu lachitatu lidatola masamba a mango ogwa okha n'kuwandanda kuyambira obiriwira, achikasu, ofiirira mpaka ouma gwa, mzere wautali wokhotakhota pamchenga. Gulu lachinayi lidakumba timaenje ndi zala n'kuikamo nthanga za mango ndi makala omwe adatola pomwe wina adawotcha tchire.

Mtsikana mmodzi sadagwire kanthu. Adakhala pamwala patali, manja ali m'khwapa. Nditamufunsa adayankha mwaulemu koma mouma: "Aphunzitsi, tikuvutikiranji poti madzi adzatenga?"

Ndidasowa chonena, chifukwa mbiri ya mwanayo ndimaidziwa. Kwathu kuno ndi kunsi kwa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Akuluakulu amakumbukirabe napolo wa mu Malichi 1991 yemwe adasesa Phalombe. Ana a masiku ano ali ndi wawo, namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, yemwe adagwetsa matope ndi matanthwe kuchokera m'mapiri, n'kupha anthu mazanamazana kuno kummwera. Nyumba ya kwawo kwa mtsikanayu idapita usiku umodzi. Munthu wotere sungamuuze nthano yakuti zinthu zosakhalitsa n'zokongola. Amadziwa kuposa ine tanthauzo la mawu akuti madzi atenga.

Ndidangomuuza kuti ngati sakufuna kumanga, andithandize ntchito ina. Ayende aone zomwe anzake apanga, andiuze chomwe madzi adzayambe kutenga ndi chomwe adzamalizire. Adandiyang'ana kaye, kenako adanyamuka.

Ola litakwana ndidawauza onse kuti aime pomwe ali anene zomwe akuona. Ambiri adadandaula kuti ntchito yawo sikuoneka bwino. A masamba aja adati mzere wawo ukungokhala ngati zinyalala zomwe wina wataya. Kenako tidakwera pamtunda, pomwe pali chulu chachikulu choyang'ana kumtsinje. Titafika pamwamba anawo adakuwa. Chigoba cha nkhono chija chidaoneka bwinobwino, ndipo mzere wa masamba udaoneka ngati njoka yomwe ikusintha mtundu kuyambira kumutu mpaka kumchira. Palibe chidasintha pamchengapo, ife ndife tidasuntha.

Tili pachulu pomwepo ndidawauza kuti asiye kuyang'ana zawo, ayang'ane mtsinje wonse. Kuyambira nthawi ya Freddy khwawa lathu lidadzaza miyala, ndipo aliyense ukamufunsa amangoti ndi chipwirikiti chomwe napolo adasiya. Ukamayenda m'menemo ndi chipwirikitidi, umangopunthwa. Koma uli pamwamba umaona zina. Matanthwe akuluakulu ali kumtunda, pomwe khwawa limatuluka m'phiri. Kutsika pang'ono kuli miyala yonga mutu wa munthu. Kenako nsangalabwi, kenako mchenga, ndipo kumunsi kwenikweni, komwe madzi amayenda mwaulesi, kuli matope osalala. Mtsinje udasanja katundu wake monga momwe mayi amapetera chimanga m'lichero. Chifukwa chake n'chakuti madzi othamanga amanyamula zolemera, koma liwiro likamachepa amayamba kutula zolemerazo, zopepuka n'kupitirira nazo.

Pokhota mtsinje paliponse pali dongosolo lomwelo. Mbali yakunja madzi amathamanga, amadya gombe n'kusiya chiphompho. Mbali yamkati amayenda pang'onopang'ono n'kutula mchenga. Zomwezi ndi zomwe ndidajambula pabolodi Lachiwiri, koma pachulu paja mnyamata wina yemwe sayankhayankha m'kalasi adaloza ndi chala n'kunena kuti munda wa agogo ake uli mbali yakunja, n'chifukwa chake ukuchepa chaka ndi chaka.

Mtsikana uja adabwera ndi yankho lake tikubwerera. Adati timaenje ta gulu lachinayi tidzayamba kupita chifukwa tili pansi pa gombe lakunja. Nkhono idzatsatira, koma miyala yake sidzapita kutali. Nsanja idzatsala chifukwa ili pamchenga wokwera wa mbali yamkati. Za masamba adati madzi sadzawapeza n'komwe, mphepo idzawatenga usiku womwewo.

Loweruka usiku kudagwa mvula yamphamvu. Lolemba, titatha kukambirana ndi bambo uja kuofesi, ndidatsika nawo ana pa nthawi yopuma. Timaenje tidapitadi, pamalopo padali posalala ngati sipadakhudzidwepo. Nkhono idaphwasuka, koma nsangalabwi zoyera zidali zitandanda kumunsi kwake mtunda wa mapazi angapo, zazing'ono patsogolo, zazikulu m'mbuyo, moti umatha kuona ndi maso njira yomwe madzi adadzera. Masamba kudalibe. Nsanja idagwa, koma madzi sadafikepo. Pamchenga padali mapazi ndi manyi a mbuzi. Kalasi yonse idaseka, ndipo mtsikana uja adaseka nawo n'kunena kuti mbuzi sadaziwerengere.

Tsono ena anena kuti izi n'zachizungu, zoti munthu wokhuta ndiye amaseweretsa masamba. Pali choona pang'ono pamenepa, ndipo sindibisa. Goldsworthy zithunzi zake zimasindikizidwa m'mabuku n'kugulitsidwa, kotero ntchito ikasungunuka iye satsala chimanjamanja. Ena mwa anzake a luso lotere adagwiritsa ntchito ndalama zambiri. Mu 1970 Robert Smithson wa ku America adalemba ganyu magalimoto onyamula miyala n'kumanga msewu wozungulira ngati nkhono, wotalika pafupifupi mamita 460, kulowa m'nyanja ya Great Salt Lake ku Utah. Amautcha Spiral Jetty. Patangopita zaka zochepa madzi adakwera n'kuumiza, ndipo udakhala nthawi yaitali osaoneka mpaka chilala chidautulutsanso cha m'ma 2002, utayera ndi mchere. Mwini wake adamwalira mu 1973 pangozi ya ndege, sadauonenso. Zoterezi ife sitingazikwanitse, ndipo sindikuona chifukwa choti tizisirire.

Koma kupanga chinthu chokongola pansi ukudziwa kuti chifufutika si kwachilendo kuno. Dzukani m'mamawa muone bwalo lomwe mayi wangosesa kumene. Tsache limasiya mizere yopindika yotsatana bwino, ndipo amayi ena amachita kusamala kuti mizereyo ifanane, chonsecho akudziwa kuti dzuwa likamakwera nkhuku ndi ana akhala atapondaponda. Mawa lake amasesanso. Onani nyumba zomwe amayi amazira n'kuzikongoletsa ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda nyengo yachilimwe. Mvula yoyamba ikawomba khoma maluwa aja amatsika, chaka chinacho amajambula ena. Ana amaumba ng'ombe zadothi, amajambula phada pansi, akuluakulu amakumba maenje a nsolo pansi pa mtengo. Palibe amafunsa kuti zidzakhala zaka zingati.

Anzathu a mtundu wa Chokwe, omwe amapezeka kummawa kwa Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, adafika nalo patali lusoli. Ali ndi zojambula za pamchenga zotchedwa sona. Wojambula amasalaza mchenga, amadinda timadontho ndi nsonga za zala motalikirana mofanana, kenako amakoka mzere wozungulira timadonthoto uku akukamba nthano kapena mwambi. Zambiri mwa zojambulazi zimatheka ndi mzere umodzi wokha womwe umakathera pomwe udayambira. Nthano ikatha amafufuta ndi dzanja. Katswiri wa masamu Paulus Gerdes, yemwe adagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique, adafufuza sona n'kuonetsa kuti muli masamu enieni, ndipo mu 2023 bungwe la UNESCO lidaika sona pamndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa. Chomwe chimasungidwa pamenepo ndi nzeru ya m'mutu ndi m'zala za wojambulayo, poti mchengawo amausalaza tsiku lomwelo.

Apa ndi pomwe pali yankho langa kwa bambo wa m'komiti uja. Bambo, mchenga weniweniwo sudzabwera pamayeso, koma kukokoloka kwa nthaka ndi kutula katundu kwa mitsinje zimabwera, ndipo mwana yemwe adaona nsangalabwi zake zitandanda kumunsi sadzafunika kuloweza. Kuposa pamenepo, ana athuwa adzakhala kunsi kwa mapiri amenewa moyo wawo wonse. Adzasankha pomanga nyumba, adzasankha kolozetsa mizere m'munda. Alangizi a zaulimi akhala akutiuza za akalozera, kuti mizere izidula chitsetso mopingasa ndipo m'mbali mwake tizibzala udzu wa vetiva. Ambiri timamva koma sitichita, chifukwa sitidaimepo n'kuyang'ana momwe madzi amayendera m'munda mwathu mvula ikamagwa. Timathawira m'nyumba, tikatuluka n'kupeza ngalande, n'kumati madzi alibe nzeru. Madzi ali ndi njira zake zomwe amatsata nthawi zonse, ndipo munthu angaziphunzire.

Chomwe ndidaona ine n'chakuti mwana amayang'anitsitsa malo pokhapokha ataikapo chinthu chake. Anawo adawoloka mtsinje uja kambirimbiri osadziwa mbali yomwe imadyeka. Atangosiyapo ntchito ya manja awo, Loweruka usiku mvula ikugwa ena adagona akuganiza za gombe lakunja ndi lamkati. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ola limodzi losanja miyala lidawadekhetsa kuposa momwe ndodo kapena kukalipa kwanga kukadachitira.

Sindikunena kuti zidachiza mtsikana uja. Nyumba ya kwawo sidabwerere, ndipo mitambo ikada kuphiri amakhalabe chete m'kalasi, maso ali pawindo. Chomwe ndinganene n'chochepa. Teremu yotsatira, titapitanso kumtsinje, adatola miyala isanu yafulati n'kuisanja yekha pamalo omwe adasankha atayendayenda kwa nthawi ndithu. Nditamufunsa chifukwa chomwe adasankhira pamenepo, adafotokoza za liwiro la madzi ndi kukwera kwa mchenga momveka bwino kuposa buku lathu. Sadafunsenso kuti tikuvutikiranji.

Palinso china chomwe ndidaphunzira ine mwini. Tsiku loyamba lija ndidajambula zonse ndi foni, ndikuganiza kuti zithunzizo ndiye phindu la ntchitoyo. Patapita miyezi iwiri foniyo idagwera m'ndowa, zithunzi zonse n'kupita. Ndidadandaula, koma nditauza ana sadakhudzidwe n'komwe. Aliyense ankakumbukira pomwe padali chake, mtundu wa miyala yake, ndi momwe madzi adaisunthira. Ine ndi amene ndidaona zochepa, chifukwa nthawi yambiri ndidali kuyang'ana pagalasi la foni.

Kwa aphunzitsi anzanga a m'masukulu akumudzi, omwe tilibe labu, mapu okwanira kapena penti, ndikuti yesani. Sizifuna ndalama. Ngati kulibe mtsinje pafupi, bwalo la sukulu likwana, makamaka pomwe madzi a padenga amadutsa. Uzani ana asanje chinthu, alosere chomwe chidzachitike, alembe m'kope, ndipo mudzabwerere mvula ikagwa. Pezani chulu kapena pamtunda poti aonere ali pamwamba, kenako muwauze agwade aonere ali pansi penipeni. Wa masamu angatenge mutu wa mpendadzuwa wokhwima n'kuwerengetsa ana mizere ya nthanga yopindikira kumanja ndi yopindikira kumanzere. Kawirikawiri amapeza manambala onga 34 ndi 55, omwe ali m'ndondomeko ija yoti nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri zam'mbuyo mwake.

Chenjezo limodzi lokha, ndipo n'lalikulu. Musatsike ndi ana m'khwawa ngati kuphiri kwada, ngakhale pomwe muli padzuwa. Madzi a kumtunda amafika mwadzidzidzi. Pitani nyengo yachilimwe kapena mvula isanakhazikike, muuze ahedi, ndipo muuzenso makolo tsiku lisanafike. Ine pamenepa ndidalakwitsa, ndipo bambo uja adali ndi chifukwa chokwiyira, poti adamva nkhaniyi kwa mwana m'malo momva kwa ine.

Bamboyo tidakumananso pamsika mwezi watha. Sadanene kuti ndidakhoza, ndipo sindidayembekezere kutero. Adangondiuza kuti mwana wake wakhala akumuvutitsa kuti mizere ya m'munda wawo wa kuchitsetso idalozetsedwa molakwika, ndipo adandifunsa ngati ndikudziwa komwe angapeze mbewu ya vetiva. Ndidamulozera kwa alangizi.

Ngati kwanuko kuli zojambula za pansi kapena za pakhoma zomwe amayi kapena agogo amapanga, lembani kalata kutsamba lino mutiuze dzina lake ndi momwe amapangira. Tionane sabata yamawa.